Kamfuti kobisika m'chikhatho: yankho kwa amayi a ku Kamwala

Amayi ena amene ali ndi shopu ya zitenje ku Kamwala mu Lusaka anditumizira imelo. Akuti madzulo akatseka amanyamula ndalama za tsikulo m'chikwama n'kukwera minibasi ya ku Chawama, koma mtima sukukhalanso m'malo chifukwa mnzawo wa shopu yoyandikana anamulanda chikwama posachedwapa. Pa YouTube anaona kamfuti ka revolver kobisika m'chikhatho, ndiye akufunsa kuti: "Kodi kameneka n'kamfuti kenikeni kapena kachidole? Kamafunikanso laisensi? Msuweni wanga wa ku Johannesburg akuti akhoza kundibweretsera. Ndigule?"

Amayi, kamfutiko n'kenikeni ndipo kamapha. Koma pa ntchito imene inu mukukafunira, ine ndingakuletseni.

Timfuti timene timaoneka kwambiri m'mavidiyowo n'ta kampani ya North American Arms ya ku Provo, m'chigawo cha Utah ku America. Ka zipolopolo za .22 LR n'kotalika pafupifupi masentimita 10, mpope wake sukwana bwino masentimita 3, ndipo kamalemera pafupifupi magalamu 130. Mafoni ambiri a masiku ano amalemera kuposa pamenepo. Kamatenga zipolopolo zisanu. Kaliponso ka .22 Magnum, kokulirapo pang'ono ndi kaukali kuposa kanzakeko. N'topangidwa bwino ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo sindidabwa kuti munthu akakaona amakakonda. Inenso ndimakasirira mmene anakasulira.

Vuto limayamba mukakagwira. Chogwirira chake chimakwana chala chimodzi, mwina ziwiri ngati muli ndi manja aang'ono, zala zinazo zimangolendewera. Kuti kawombe, muyenera kuyamba mwakoka hamala yakumbuyo (kachitsulo komenya chipolopolo) ndi chala chachikulu mpaka ithetheke, kenako n'kudina kachitsulo kowombera, kamene ndi kakang'ono ndipo kalibe chotchingira. Mukawomba, kamfutiko kamadumpha n'kupendekera m'mwamba, ndiye muyambenso kukagwira bwino, kukokanso hamala, kuwombanso. Chipolopolo chilichonse ntchito yake ndi yomweyo. Mutaima phee masana, manja ali ouma, zimatheka ndithu. Tsopano ganizirani pa siteji mdima utagwa, munthu wagwira lamba wa chikwama chanu akukoka, manja akunjenjemera, kamfutiko kasakanikirana ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo pansi pa chikwama chomwecho chimene akukulandani. Nthawi zambiri wolanda chikwama amapita nacho chonse, ndiye mwamupatsa ndalama, mwamuwonjezera ndi mfuti yolembedwa dzina lanu kupolisi.

Kulunjika nakonso n'kovuta. Chifukwa cha kufupika kwa mpope, dzanja likangosuntha pang'ono chipolopolo chimapita kutali ndi pamene mumafuna. Ozolowera amalasa pepala pa mamita atatu kapena asanu, koma kupitirira apo ambiri amangowomba mwamwayi. Chipolopolo chophonya sichisowa kopita. Pa mabokosi a .22 LR amalembapo chenjezo loti chikhoza kuvulaza pa mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo ngakhale kamfutika kamachichotsera liwiro, malata kapena chitseko chathabwa sizingachiimitse. Ku Chawama nyumba zake mukuzidziwa mmene zinayandikirana.

Pali zinanso zimene mavidiyo saonetsa bwino. Zala zanu zimakhala pafupi kwambiri ndi kukamwa kwa mpope, ndipo pampata wa pakati pa silinda (chozungulira cholowamo zipolopolo) ndi mpope pamatuluka moto ndi tizidutswa totentha. Chala chikapitirira pamenepo chimapsa. Phokoso lake ndi lalikulu modabwitsa, makamaka ka Magnum, chifukwa wonga wambiri umakapsera kunja. Wowomba osatseka makutu amapita kunyumba makutu akulira. Zipolopolo zisanu zija zikatha, pa mitundu yambiri muyenera kuzula kamtengo kachitsulo kapakati, kuchotsa silinda yonse, kutokosola makoko amodziamodzi ndi kamtengo komweko, kulonga zatsopano, kenako kubwezera zonse m'malo mwake. Mtundu wotchedwa Sidewinder ndiye silinda yake imatsegukira pambali, koma nawonso si wachangu. Komanso zipolopolo za .22 zimayakira m'mphepete mwa tsinde, ndipo zimakana kuphulika kawirikawiri kuposa zoyakira pakati.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kasungidwe kake kali ndi zipolopolo. Pakati pa mabowo a silinda anajobapo timipata toti hamala izipumirapo, kuti kamfutiko kakagwa pansi kasawombe. Kuti muiike pamenepo muyenera kuigwira ndi chala, kudina kowombera, n'kuitsitsa pang'onopang'ono, kamfutiko kali kodzaza. Chala chikaterereka, kawomba. Zimenezi munthu amaphunzira kali kopanda kanthu, mlangizi ali pambali, mobwerezabwereza mpaka dzanja lizolowere.

Za laisensi, yankho ndi lalifupi. Lamulo la Firearms Act, Chapter 110 ya malamulo a Zambia, silichotsera mfuti mlandu chifukwa chochepa thupi. Mufunika kupempha kudzera kupolisi, akufufuzeni, akudindeni zala, amve chifukwa chimene mukuifunira, kenako laisensi ituluke pa mfuti imeneyo ndi nambala yake. Zipolopolo nazo mumagula ndi laisensi yomweyo. Sizichitika sabata imodzi, ndipo akhoza kukukanani.

Msuweni wanuyo muuzeni msanga kuti asayerekeze. Kudutsa ndi mfuti pa malire a Chirundu kapena a Kazungula itabisidwa m'katundu, popanda chilolezo chotulutsira uko ndi cholowetsera kuno, ndi mlandu wokagona nawo kundende, iye pamodzi ndi inu wolandira. Njira yake ndi ya ogulitsa mfuti olembetsedwa kuboma. Wina akakuitanirani pambali kumsika kuti ali nako kotchipa kopanda mapepala, dziwani kuti mfuti zoterozo zimabwera ndi milandu yakale, ndipo apolisi akaipeza m'manja mwanu mafunso onse adzakhala anu.

Ngakhale muli ndi laisensi, si chilolezo chowombera aliyense wokulakwirani. Penal Code, lamulo la milandu, imalola munthu kudziteteza, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi ngozi imene inalipo. Mnyamata watsomphola foni n'kuthawa, inu n'kumuwombera kumsana, khoti silidzamva zoti munapsa mtima. Kuitulutsa pokangana ndi kondakitala za chenje, ngakhale osawomba, kukhoza kukulanditsani laisensi ndi kukulowetsani m'selo.

Simunanene ngati muli ndi ana kapena adzukulu pakhomo. Ngati alipo, ganizani kawiri. Mfuti yaikulu mwana amaiopa, koma kameneka kamamukwana m'dzanja ndipo kamanyezimira, ndiye amakayesa kosewerera. Pansi pa pilo ndi m'dilowa si malo ake. Kamafuna bokosi lachitsulo lokhoma, makiyi ali ndi inu, zipolopolo zili padera.

Ndiye kamathandiza yani? Munthu wozolowera kale mfuti, amene amapita kumalo ovomerezeka ophunzirira kuwombera, amagula mabokosi a zipolopolo n'kumayeserera, ndipo akufuna kakang'ono kowonjezera kapena kongosangalala nako. Kwa ameneyo n'kabwino. Kwa woyamba kumene, ndi imodzi mwa mfuti zovuta kwambiri kuphunzirirapo. Ngati mwatsimikizadi mtima, yambani ndi maphunziro musanagule kalikonse, mugwire mfuti zingapo zosiyana kukula mlangizi akuyang'ana, muone nokha imene dzanja lanu likuilamulira.

Pakadali pano, chimene akuba akutsata ndi chikwamacho. Ndalama zizilowa mu Airtel Money kapena MTN MoMo kawiri kapena katatu patsiku, kunja kukali kowala, osadikira nthawi yotseka pamene aliyense akudziwa kuti mwanyamula. Ogula zitenje zambiri apempheni azilipira pafoni. Nthawi yowerukira muziisintha, ndipo mugwirizane ndi anzanu a mashopu oyandikana kuti popita kusiteji muziyendera limodzi. Masiku a malonda ochuluka, monga kumapeto kwa mwezi ndi mu December, lipirani takisi ya dalaivala amene mumamudziwa akakutuleni pageti.