Mwana wa shuga akadwala osadya, nyeleti tileke?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 12 ali ndi shuga. Mwezi watha anayamba kusanza, nsima kukana, ndiye ndinaleka kumulasa insulin kuopa kuti shuga itsika maningi, ndinamugulira mankhwala a malungo ku chemist. Tsiku lachitatu anayamba kupuma mwabefu, kuchipatala anati ndi DKA, vuto loopsa la odwala shuga. Manje ali bwino koma ine tulo sindigona. Amai a ku Matero.

Yankho: Amai, ndamva, chikukusowetsani tulo ndi choti mwina ndinu munamudwalitsa. Mwana ali moyo chifukwa munamunyamula kupita naye kuchipatala, gwirani pamenepo. Koma tsiku lachitatu amai? Ndiponso mankhwala a malungo osayezetsa magazi? Apo pokha ndikudzudzuleni pang'ono.

Maganizo oti osadya ndiye osalasa ali ndi makolo ambiri ndipo ndi amene amatibweretsera ana ali chikomokere. Insulin sigwira ntchito pa nsima chabe. Chiwindi chimatulutsa shuga usiku ndi usana ngakhale mwana asalawe kanthu, ndipo akadwala chimatulutsa yochuluka kuposa masiku onse. Popanda insulin shugayo imangozungulira m'magazi osalowa m'minofu, thupi limayamba kuotcha mafuta, mafutawo amasiya ma ketone, magazi nkukhala asidi. DKA ndi imeneyo. Kusanza kumene kunakuopsani kuja mwina kunali DKA itayamba kale. Zizindikiro zake zina: mimba imapweteka, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kupuma mozama mothamanga, mkamwa kununkha ngati mankhwala ochotsera cutex.

Akadwalanso pimani shuga maola awiri kapena atatu alionse ngakhale usiku, ikapitirira 14 pimani mkodzo ndi timapepala ta ma ketone, amwe madzi pang'onopang'ono. Ikatsika pansi pa 4 mupatseni chakumwa chotsekemera, mlingo wa insulin ungachepetsedwe koma kulekeratu ai. Ndi malaiti athu ozimazimawa onaninso kabotolo, insulin ikatenthedwa imatha mphamvu, isungeni mu mtsuko wonyowa pamthunzi, mu freezer ai.

Akasanza kawirikawiri, akayamba kuodzera masana kapena kupuma kwasintha, musadikire kuche. Matero muli ndi chipatala pafupi, zikavuta amatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH, mbali ya ana. Mukafika nenani pa geti pomwe kuti mwana ndi wa shuga ya Type 1, yolasa insulin, ndipo akusanza, musakhale pa mzere. Drip ndi insulin ya mumtsempha timazipereka mosathamanga chifukwa kwa ana ubongo ungatupe, choncho musaone ngati anesi akuchedwa dala.

Pa review yotsatira pemphani akulembereni papepala milingo ya masiku odwala ndi nambala yoimbira, mwanayo alowe nanu amve yekha, pakuti pa msinkhu uwu ena amayamba kudumphitsa nyeleti kusukulu chifukwa cha manyazi ndipo inu simudziwa.