Kodi ulendo wofufuza dziko ungakome bwanji pa tebulo la masewera?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnzathu amene amayendetsa Dungeons & Dragons (D&D) ndi anzake anayi. Awa ndi masewera a pa tebulo amene woyendetsa amasimba nkhani, osewera n'kumasankha zimene anthu awo a m'nkhaniyo achite. Akuti anzakewo atopa ndi kumenyana ndi zilombo m'mapanga, tsopano akufuna nkhani yaitali ya ulendo wokafufuza dziko losadziwika. Iye wajambula mapu okongola, koma akayamba kusewera, ulendo wa masiku khumi umatha ndi mawu amodzi akuti "mwafika". Akufunsa kuti pakatipo aikepo chiyani. Akutinso anzake ena nthawi zina amalephera kubwera.

Achimwene, ulendo umakoma osewera akakhala ndi chosankha, ndipo chosankhacho chikhale ndi mtengo wake. Njira ya kumanzere ndi ya kumanja zikamakafika pamalo amodzi popanda kusiyana kulikonse, anzanuwo amangokhala chete kudikira kuti muwauze chotsatira.

Choyamba, mapu okongolawo muwabise. Jambulani ena oti muwapatse osewera, osonyeza gombe, mtsinje umodzi ndi mudzi woyambira basi. Nzeru imeneyi ndi yakale. The Isle of Dread, ulendo wa D&D umene unatuluka mu 1981, unkapatsa osewera mapu a chilumba osonyeza m'mphepete mokha, pakati ponse pali mbee, kuti adzazemo okha. Gawani dziko lanu m'tizigawo ta ngodya zisanu ndi imodzi timene osewera amatitcha ma hex, kalikonse mamailosi 6, pafupifupi makilomita 10. Malamulo a D&D ya masiku ano amati munthu woyenda mwachizolowezi amatha mamailosi 24 pa tsiku, ndiye kuti tizigawo tinayi pamalo abwino, tiwiri m'dambo kapena m'phiri. Apa mkangano wabwino wayamba kale: tidutse m'dambo masiku awiri, kapena tizungulire masiku anayi kamba atatsala wa masiku atatu?

Kambayo muziwerenga. Koma dziwani kuti matsenga a m'masewerawa opanga chakudya ngati Goodberry ndi Create Food and Water amathetseratu nkhani ya njala. Mugwirizane ndi anzanu musanayambe, kuti mwina matsengawo kulibe m'dziko lanu, kapena amafuna chinthu chosowa chimene chimatha.

Malo aliwonse aziloza kwina. Akakwera chitunda aone utsi kum'mawa ndi nsanja yogumuka kumpoto, asankhe okha.

Chimene ndikufuna kuti muchigwire kwambiri ndi ichi: dziko lanu lisakhale lopanda anthu. Nkhani zambiri za mtundu uwu zimayesa kuti ofufuza amafika kumalo kumene sikunapondeko munthu. David Livingstone atafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859 anapeza midzi, asodzi ndi njira za malonda, ndipo alendo onse a nthawi imeneyo ankadalira owalondolera njira ndi chilolezo cha mafumu. Pa tebulo zimenezi n'zokoma kuposa nkhalango ya zii. Osewera akalowa m'dera la mfumu ayambe akaonekera, atule mphatso, afotokoze chimene abwerera. Apeze mlenje wodziwa njira mpaka pa mtsinje wachiwiri, amene akukana kwamtuwagalu kuwoloka, osanena chifukwa. Agogo a m'mudzi wina anene kuti chitsime chili kuseri kwa thanthwe, wopalasa bwato anene kuti chinaphwa kalekale, onse awiri akunena zoona monga mmene anaonera pa nthawi yawo. Mapu a osewera azikula kuchokera m'kamwa mwa anthu, ndipo akalakwira mudzi umodzi, mbiri iwatsogolere ku mudzi wotsatira.

Maganizo a dzikolo musawafune kutali. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Ganizirani nyanja ya m'nkhani yanu imene imaphwa kamodzi pa m'badwo, n'kuvundukula msewu wa miyala wopita ku mzinda womira. Osewera ali ndi nthawi mpaka mvula yoyamba, ndipo magulu ena nawonso akuthamangira komweko. Nkhani yonse yakhala ndi malire a nthawi popanda inu kukakamiza munthu. Palinso Napolo, amene makolo amati akamasamuka pansi pa phiri amagumula nthaka ndi kusefukiza madzi, monga anthu ananenera za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Chamoyo chotere m'dziko lanu chikhoza kupatutsa mtsinje usiku umodzi, mapu amene osewera anawavutikira n'kusanduka abodza. Ingokumbukirani kuti ku Phalombe kunafa anthu ambiri, choncho tengani ganizolo, mayina a malo enieni muwasiye. Za Sapitwa, nsonga ya Mulanje yotalika mamita 3,002, anthu amasimba kuti ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'phirimo uzidya wekha osaitana mnzako. Malo okhala ndi malamulo akeake otere ndi chuma kwa woyendetsa masewera: amene anakhala pansi kumvera akuluakulu amadutsa, wothamangira kusolola lupanga amasochera m'nkhungu. Gule wamkulu yekha ndikupemphani musamusandutse chilombo chokaphedwa ndi dayisi, chifukwa ndi mwambo wamoyo umene eni ake amaulemekeza.

Konzaninso mndandanda wa zokumana nazo m'njira, woti muziponyera dayisi kawiri pa tsiku la m'nkhani. Ndewu zikhalemo zochepa. Zambiri zikhale zizindikiro: mapazi aakulu m'matope, msasa wosiyidwa phulusa likadali lofunda, amalonda a mchere ofuna kusinthana nkhani. Osewera akaona mapazi lero, mawa akakumana ndi mwini mapaziwo amadziwa kuti anasankha okha kutsata.

Pa nkhani ya anzanu amene nthawi zina amalephera kubwera, onani njira yotchedwa West Marches, imene Ben Robbins anaifotokoza mu 2007. Ulendo uliwonse umayambira m'tauni imodzi yotetezeka ya m'malire, osewera ndiwo amasankha kopita, ndipo onse amalemba zimene apeza pa mapu amodzi. Amene sanabwere Loweruka lino timati munthu wake wa m'nkhani watsala m'tauni.

Zimenezi zimakupeputsiraninso ntchito. Pa tsiku loyamba konzani mudzi, tizigawo tozungulira mudziwo, mphekesera zisanu ndi malo atatu ooneka patali. Pomaliza kusewera afunseni kumene akufuna kulowera sabata yamawa, ndipo mukonze kumeneko kokha.