Khitchini yanga yasanduka uvuni, nditani?

FUNSO: Azakhali, ndimakhala ku Chitakale, ku Mulanje. Ndimaphika katatu patsiku, ndipo m'mawa uliwonse ndimakazinganso mandasi ndi zitumbuwa zogulitsa. Khitchini yathu ndi yanjerwa, yofolera ndi malata, ili ndi kazenera kamodzi. Mu Okutobala muno ndikumatulukamo thukuta lili kamukamu, maso ali psuu, ndipo mwana amene ndimabereka kumbuyo akutsokomola. Ndalama zomangira ina tilibe. Nditani?
Mayi wa mandasi, Chitakale

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi mwanayo, chifukwa ndiye wandidetsa nkhawa. Utsi umene ukukuliritsaniwo iye akuupumanso, ndipo mapapo ake ndi anthete. Utsi wa nkhuni umawonjezera chiwopsezo cha chibayo kwa ana. Mukamaphika, musiyeni ndi azigogo ake kapena mkulu wake panja. Ngati akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa mkati, thamangirani naye kuchipatala lero lomwe.

Tsono khitchiniyo. Mpweya wotentha ndi utsi zimakwera m'mwamba, ndipo zikasowa potulukira zimangozungulira pamutu panu. Kazenera kamodzi sikakwanira: pafunika polowera mphepo m'munsi ndi potulukira utsi m'mwamba. Yang'anani pamene mwaye wada kwambiri pakhoma. Pamenepo, pafupi ndi denga, uzani mmisiri achotse njerwa zingapo n'kuikapo zamabowo. Kukhoma la mbali inayo abooleko zenera lina chakumunsi. Kwathu ku Luchenza tinachita zomwezi, ndipo tsiku lomwelo ndinavundula nsima osapukuta misozi. Ikani waya pamabowopo kuti makoswe asapezerepo njira.

Malata akapsa ndi dzuwa amakuwotchani ngati moto wachiwiri. Kuwapaka penti yoyera pamwamba kumachepetsa kutenthako. Siling'i ya mphasa kapena nsungwi musaiike pamwamba pa moto, ingakuyatsireni nyumba. Mafuta a mandasi nawo amatulutsa utsi wawo, choncho nyengo ino kazingirani panja, m'kachisakasa, dzuwa lisanakwere.

Ngati mukadali pa mafuwa atatu, gulani chitetezo mbaula, yadothi ija. Imadya nkhuni zochepa ndipo mungathe kuinyamula kupita nayo pakhonde. Komabe nayonso ifuna nkhuni zouma. Bulugamu wamuwisi ndi mitengo ya nandolo yonyowa zimangofuka, ndiye muziwaziratu n'kusanjika pouma mvula isanayambe.

Ndikudziwa kuti chiperoni chikadzafika mu Juni, phiri litabisala mu nkhungu, mudzafuna kutseka mabowo aja ndi makatoni. Chonde musadzatero, makamaka mukakoleza makala. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha anthu m'chipinda chotseka. Mukamva mutu ukuwawa ndi chizungulire muli pambaula, tulukani msanga ndi ana, chitseko muchisiye chotsekula.