Timaluwa ta pakhomo tikufota msanga, nditani?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo kuti kuseri kwa nyumba ali ndi marozi, zinnia ndi marigold, koma akamanga kamtolo koika patebulo kapena kopita nako kwa odwala, pofika masana timaluwato timakhala tazyolika kale. Akufunsa kuti vuto lili pati.

Amayi, nkhani yagona pa kadulidwe. Dulani m'mamawa dzuwa lisanakwere, makamaka miyezi yotentha ngati Okutobala, ndipo popita kumaluwako nyamulani kandowa ka madzi kuti lililonse mukadula lizilowa m'madzi pompo, osati kumazungulira nalo m'manja uku mukucheza ndi aneba. Musamabudule ndi zala ngati mukuthyola nkhwani, phesi limatswanyika ndiye silimwanso madzi, tengani mpeni wakuthwa kapena sizasi mudule mopendeketsa. Rozi dulani litangoyamba kumasula. Zinnia ayi, iyeyu akadulidwa sapitirizanso kumasula, ndiye dikirani atambasuke yense, mugwire phesi ndikuligwedeza pang'ono, mutu ukamagwera uku ndi uku msiyeni sanakhwime. Mukatero ikani ndowayo pamthunzi maola awiri kapena atatu amwe kaye.

Masamba onse amene angamire m'madzi pululani. Akaola amabweretsa tizilombo timene timatseka phesi, ndipo a marigold ndiye amanunkha zosachita kufunsa.

Pomanga ine ndimakonda kuyamba ndi maluwa akuluakulu 3 kapena 5 pakati, kumatembenuza kamtoloko m'dzanja uku ndikuonjezera ting'onoting'ono m'mbali, mitundu iwiri kapena itatu basi, ikachuluka maso sadziwa poyang'ana. Zodzazira m'mipata musavutike nazo kogula, mpungabwi ulipo ndipo umanunkhira bwino, ngakhale timaluwa toyera ta luni kapena ngala za udzu zimakhala bwino kwabasi, anthu timangozipeputsa poti tinazizolowera. Mangani ndi kachingwe ka khonje mosathinitsa, mapesi muwadule afanane, muike m'botolo la jamu lotsuka bwino ndi sopo. Kamtolo kakang'ono kamafuna kabotolo kakafupi, mitu izikhala pamwamba pang'ono pa mlomo wa botolo.

Pa lita imodzi ya madzi thirani supuni yaing'ono ya shuga ndi madontho ochepa a Jik. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri aliwonse ndikudulako kansonga ka phesi. Musaike pawindo pomwe pamawomba dzuwa, komanso kutali ndi nthochi zakupsa chifukwa zimatulutsa mpweya wokalambitsa maluwa msanga. Hibiscus asiyeni pamtengo pake, duwa lake ndi la tsiku limodzi kaya muchite bwanji.

Za kuchipatalazo, kulungani kumunsi kwa mapesi ndi nyuzi yonyowa, muveke kajumbo ndikumanga, botolo mulinyamule padera, madzi mukathire mukafika. Sankhani osanunkhira kwambiri, wodwala fungo limamuvuta, ndipo funsani kaye anamwino ngati amalola maluwa mu wodimo.