Funsani Anamwino: Kodi madzi a kabichi ndi alovera angapoletse zilonda za m'mimba?

FUNSO: Zikomo Anamwino. Bambo akunyumba kwanga, a zaka 46, amapalasa kabaza pa Lunzu. Patha miyezi isanu akudandaula kuti m'mimba mukuwotcha, makamaka usiku ndiponso akakhala ndi njala. Kuchipatala chaching'ono anati ndi maalsazi, n'kuwapatsa mapilitsi oyera otafuna aja. Msana ukawavuta amagula Indocid pa okala. Anzanga akuti ndiziwafinyira kabichi, ena akuti alovera, ena chamwamba, ndipo kudepoti akugulitsa botolo loti limachiza m'masiku atatu. Ndiwapatse ziti? Mayi wodandaula, Lunzu.

YANKHO: Mayi, tisanafike ku zitsamba, m'kalata yanu muli liwu limodzi lomwe landidetsa nkhawa: Indocid. Chifu chili ndi asidi wogaya chakudya, ndipo chimadziteteza ndi madzi oterera ngati therere omwe amakuta mkati mwake. Indocid, Brufen, diclofenac ndi aspirin amachepetsa chitetezo chimenechi, asidi n'kuyamba kudya chifu chenichenicho. Bambo akapitiriza kumwa mapilitsi amenewa, ngakhale mufinye kabichi wa dimba lonse chilonda sichipola. Awasiye lero. Msana ukavuta amwe Panado, ndipo ngati amasuta kapena kumwa mowa, alekeretu.

Choyambitsa china ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakapeza mu 1982. Anzawo atakayikira, Marshall anamwa dala madzi okhala ndi tizilomboti mu 1984 ndipo anadwaladi. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Kachilomboka amakapha ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi clarithromycin, pamodzi ndi omeprazole wochepetsa asidi, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mapilitsi otafuna aja amangoziziritsa ululu.

Tsopano zitsamba. Ine sindizinyoza ayi, ndinakulira pakhonde pa agogo omwe mtondo wawo sunkauma mizu. Za kabichi zili ndi pochokera. Mu 1949 Dr Garnett Cheney wa ku Stanford ku America anamwetsa odwala 13 madzi a kabichi wamuwisi, pafupifupi lita imodzi patsiku, ndipo zilonda zawo zinapola msanga. Koma anthu 13 ndi ochepa, komanso nthawi imeneyo kachilombo kaja kanali kasanadziwike. Kapu imodzi ya madziwa, kabichi wake atatsukidwa bwino, siingawapweteke bambo kupatula mpweya m'mimba. Musangoidalira yokha.

Nkhani yomwe ndimakonda kuuza anthu ndi ya muzu wotsekemera wotchedwa liquorice. Kuchokera mu muzuwu anapanga mankhwala otchedwa carbenoxolone, omwe m'zaka za m'ma 1960 ankapoletsadi zilonda za m'mimba ku Britain. Koma odwala ena anayamba kutupa miyendo, BP n'kukwera, mpaka madokotala anawasiya atapeza ena abwino. Uwutu unali muzu woyezedwa bwinobwino, mlingo wake wodziwika. Nanga botolo la kudepoti lija, losalembedwa zomwe asakanizamo, ndani analiyeza? Ndalama ya kabaza imabwera ndi thukuta, musaitayire pamenepo.

Masamba a chamwamba ndi ufa wa nthochi zosapsa aonetsa kuti amateteza chifu, koma kuyesa kwambiri kunachitika pa makoswe a mulabotale. Chamwamba adye ngati ndiwo, n'chopatsa thanzi. Alovera samalani naye: utomoni wachikasu wowawa womwe umatuluka mukadula tsamba umatsegula m'mimba ndi kupotokola. Kwa munthu wopalasa njinga padzuwa tsiku lonse, kutaya madzi m'thupi chonchi n'koopsa.

Pali china chomwe sindingachisiye. Malume anga anakhala chaka chathunthu akumwa madzi a mbatatesi yaiwisi. Tsiku lina azakhali anandinong'oneza kuti chimbudzi chawo chada bii ngati phula, iwo n'kumaganiza kuti ndi matenda akutuluka. Anali magazi a chilonda. Pofika kuchipatala zikhatho zinali zitayera mbee, ndipo anapulumuka atawonjezeredwa magazi. Choncho mukaona chimbudzi chakuda, masanzi a magazi kapena ooneka ngati khofi, chizungulire, kapena ululu wadzidzidzi wolimbitsa mimba ngati thabwa, thamangani nawo nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Akamaonda kapena nsima ikamaima pakhosi, musazengerezenso, poti khansa ya kummero ndi yochuluka kuno kwathu.

Miyezi isanu yakwana, mayi. Sabata ino muwaperekeze kuchipatala, mutenge buku lawo lachipatala ndi kapepala ka Indocid kaja, ndipo mufunse zoyezetsa kachilombo ka H. pylori. Dokotala akaona kuti n'kofunika, adzawatumiza ku Queens komwe amaunika m'chifu ndi kapaipi kokhala ndi kamera. Mudzandilemberenso kuti ndimve mmene mwayendera.