Chifukwa chake katoni yopepuka imalipiritsidwa ngati yolemera

Mwafunsa chifukwa chimene kampani yonyamula katundu pandege inakulipiritsirani makilogalamu 20 pa katoni ya zovala imene pasikelo inangolemera makilogalamu 12. Sanakubereni ayi. Nkhani yagona pa density, ndipo aliyense amene akufuna kumaoda katundu kunja ayenera kuimvetsa asanatulutse ndalama.

Density ndi kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chikutenga, ndipo imapezeka mukagawa makilogalamu ndi kukula kwa malowo. Kyubiki mita imodzi (malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu) ya madzi imalemera makilogalamu 1,000, pamene ya chitsulo imafika pafupifupi 7,850. Koma pamalonda athu sitiyeza chovala chenichenicho. Timayeza katoni yomata kale, pamodzi ndi mpata wonse umene watsala m'katimo, chifukwa mpatawo nawonso umakwera ndege.

Mwanena kuti katoni yanu ndi ya masentimita 60 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 msinkhu. Mukachulukitsa manambala atatuwa mupeza makyubiki sentimita 120,000, zomwe ndi 0.12 ya kyubiki mita, imene pamapepala imalembedwa kuti CBM. Mukagawa 12 ndi 0.12 mupeza 100, kutanthauza makilogalamu 100 pa kyubiki mita. Makampani a ndege amayembekezera kuti kyubiki mita iliyonse ibweretse makilogalamu pafupifupi 167, choncho katundu akaperewera pamenepo amasiya za sikelo n'kugawa 120,000 uja ndi 6,000. Apo ndi pamene panachokera 20. Makampani ambiri otumiza maphukusi mwachangu amagawa ndi 5,000, ndipo kwa iwo katoni yomweyo ikanakhala ya makilogalamu 24. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndafunsa nambala imene amagawira ndisanafunse mtengo wa kilogalamu.

Pasitima yapamadzi, mukaphatikiza katundu ndi anzanu m'kontena imodzi, kyubiki mita amaiyerekeza ndi tani imodzi, ndipo mumalipira chimene chakula pa ziwirizo.

Katundu wolemera ali ndi vuto lakenso. Kontena ya mafiti 20 ili ndi malo okwana makyubiki mita pafupifupi 33 ndipo imaloledwa matani pafupifupi 28, kotero kuti zitsulo kapena matailosi zimafika pa malire a kulemera kontena isanadzaze, ndipo amene angapitirize kulongedza poona kuti malo alipo amakakodwa pa sikelo ya pamsewu, kumene amayeza kulemera kwa ekiselo iliyonse. A mafuta nawo amawerengera chimodzimodzi: lita ya dizilo imalemera pafupifupi 0.83 ya kilogalamu, choncho malita 30,000 ndi matani pafupifupi 25, ngakhale kuti nambalayi imatsika pang'ono kukatentha, n'chifukwa chake pamapepala amaiwerengera pa katenthedwe kamodzi kokhazikika.

Ulendo wina muuze wokugulitsani kuti akutumizireni miyeso ndi kulemera kwa katoni iliyonse musanalipire, ndipo ngati ndi zovala, azitsindire ndi makina kuti katoni ichepe.