Kubwerera m'madzi patapita zaka zoposa 20: yankho langa kwa mayi wa ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti ankasambira pa mipikisano ali ku sekondale, anasiya mu 2004 atangolemba mayeso a Fomu 4, kenako kunabwera ntchito, banja ndi ana atatu. Pano mwana wawo woyamba akuphunzira kusambira, ndipo iwo akakhala pa benchi m'mbali mwa dziwe kumudikira, mtima umawakokera m'madzimo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndachedwa? Ngati sindinachedwe, ndiyambire pati kuti ndidzapikisanenso?"

Achemwali, simunachedwe ayi. Bungwe la World Aquatics, lomwe inu munkalidziwa ndi dzina lakuti FINA, lili ndi mipikisano ya akuluakulu yotchedwa Masters. Amayambira zaka 25, ndipo anthu amaikidwa m'magulu a zaka zisanuzisanu: 35 mpaka 39, 40 mpaka 44, mpaka kufika kwa agogo. Simudzaima pambali pa mtsikana wa zaka 16. Anthony Ervin wa ku America anapata mendulo ya golide pa mamita 50 ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 19, anasiyiratu kusambira kwa zaka zambiri, n'kudzapatanso golide pa mtunda womwewo ku Rio mu 2016 ali ndi zaka 35. Inu ndi ine sitikupita ku Olympics, koma nkhani yakeyo imasonyeza kuti luso la m'madzi silichoka m'thupi.

Ndipo ngozi yagona pomwepo. Manja anu akukumbukira kapalasidwe konse. Tsiku loyamba mukadzangodzikankha pakhoma n'kuona mzere wakuda uja pansi pa dziwe, thupi lidzafuna kuthamanga ngati kale. Koma mapewa anu akhala zaka zonsezi akubereka ana ndi kuweramira pa kompyuta. Mpweya umabwerera msanga, pakangotha masabata ochepa mumamva kusintha. Minyewa ing'onoing'ono ndi mitsempha yogwira phewa ndiyo imachedwa kulimba, imafuna miyezi.

Ine ndinavulalira pamenepa. Nditabwerera m'madzi, mwezi woyamba unayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kusambira masiku asanu pa sabata, ndavalanso timatabwa ta m'manja tija, mapadulo. Sabata yachisanu ndi chimodzi, m'mawa wina ndinalephera kukweza dzanja lamanja kuti ndivale malaya. Ululu unali kutsogolo kwa phewa ngati munthu wabayapo msomali. Ndinakhala miyezi iwiri osalowa m'madzi, ndipo zinandipweteka mtima kuposa zaka zonse zomwe ndinasiya mwakufuna kwanga.

Choncho yambani chonchi. Masiku atatu pa sabata, osatsatizana. Tsiku lililonse mamita 800 kapena 1,000 akwana, ndipo musawasambire ulendo umodzi. Agaweni: mamita 200 otenthetsa thupi pang'onopang'ono, kenako mamita 50 kasanu ndi katatu mukupuma masekondi 30 pakati, kenako miyendo yokha mutagwira bolodi, n'kumaliza chagada kuti chifuwa chitseguke. Muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Mapadulo ndi butterfly, kasambiridwe koponya manja onse awiri kutsogolo nthawi imodzi, zidikire miyezi itatu. Kunyumba pezani lamba wotamuka uja, mum'mangirire pa chitseko, chigongono chigunde nthiti, muzikoka dzanja kupita kunja ka 15 mbali iliyonse. Zimaoneka ngati zachibwana koma ndi zomwe zimasunga phewa. Kutopa kwa thupi lonse n'kwabwino. Ululu wobaya pamalo amodzi ukutanthauza kuti tulukani m'madzi tsiku limenelo. Musanayambe, kayezetseni BP, makamaka ngati mimba ina inakuvutanipo ndi kuthamanga kwa magazi.

Chinthu china chimene ndikupempha ndi mtima wonse: nthawi zanu za mu 2004 zisiyeni m'chikwama momwe muli masatifiketi. Ndaonapo anthu akusiyanso kachiwiri chifukwa wotchi yawauza kuti mamita 100 omwe ankamaliza mopepuka tsopano akutenga masekondi 25 owonjezera. Patatha masabata asanu ndi limodzi, mupemphe wina akuwerengereni nthawi pa mamita 400. Muilembe m'kope. Imeneyo ndiye nthawi yanu yoyamba, ndipo muzipikisana ndi imeneyo.

Malamulo ena anasintha inu mutachoka. Kuyambira 2005, pa breaststroke, kasambiridwe konga ka chule, amalola kumenya madzi kamodzi ndi miyendo yonse iwiri pamodzi ngati mchira wa dolphin mukangodumphira komanso mukatembenuka pakhoma. Pamalo poimapo podumphira m'madzi pa maiwe amakono anaikapo kopondera phazi lakumbuyo. Pa Masters mukhoza kuyambira m'madzi momwemo ngati kudumpha kukukuopsani.

Vuto lathu kuno ndi maiwe. Ambiri ali ku mahotela, ku makalabu ndi ku sukulu zolipira, ndipo mu June ndi July madzi amazizira mpaka mano kugundana. Funsani mphunzitsi wa mwana wanuyo ngati angakupatseni njira imodzi m'mbali pa nthawi yomwe ana akuphunzira. Muli kale pamalopo, ndipo diso la mphunzitsi lidzaona pomwe chigongono chanu chikugwa, chinthu chimene nokha simungachione.

Pa za mpikisano woyamba, sankhani mamita 50 kapena 100 pa kasambiridwe komwe munkakakonda, patatha miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mtima ukufuna madzi aakulu, ku South Africa kuli Midmar Mile, mtunda wa makilomita 1.6 pa damu la Midmar pafupi ndi Howick, chaka chilichonse mu February, ndipo anthu zikwizikwi a misinkhu yonse amalowa. Mukakonzekera ku nyanja yathu, musasambire nokha, pewani malo a bango, ndipo mukabwerako kayezetseni likodzo.

Loweruka likubwerali, potenga chikwama cha mwana, muikemo zosambirira zanu ndi magalasi. Mukatuluka m'madzi mundilembere, mundiuze kuti phewa likumva bwanji.